Thumba lafika, nanga ndiwo?

Galimoto ya DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ikaima pa bwalo la sukulu kwa Makanjira kapena ku Namwera m'boma la Mangochi m'miyezi ya njala, aliyense amadziwa chimene chitsike: thumba la chimanga la makilogalamu 50, la banja limodzi mwezi wonse. Mu Marichi 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza minda, yemwe anali Pulezidenti nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kenaka komiti younika za njala ya MVAC inawerenga anthu 5.7 miliyoni ofunika thandizo.

Banja la anthu asanu likagawana thumbalo, aliyense amapata magalamu pafupifupi 330 patsiku. Mayi akakonola, madeya atenga gawo lawo. Mlamu amene dzina lake silinalembedwe naye abwera ndi kabeseni, ndipo kumubweza chimanjamanja n'kosatheka. Thumba silifika pa tsiku la 30.

Ngakhale litafika, nsima yokha si chakudya chonse. Alangizi azaumoyo amaphunzitsa ku sikelo za magulu 6 a zakudya, koma thumba lili ndi gulu limodzi. Dziko lino linaonapo kale mathero ake: mu 1990, mtedza utasiya kugawidwa kwa othawa nkhondo a ku Mozambique m'chigawo chakummwera, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, nthenda yosenda khungu imene imagwira odya chimanga chokhachokha. Njala sinawaphe, koma anadwala ali ndi ufa m'nyumba.

Apa mpamene chipembedzo chimafunsa funso limene ofesi ya boma siifunsa. Kodi wopereka wamaliza udindo wake wolandira akangokhala moyo?

Ku Mangochi, kumene azana amamveka mbali zonse, mashehe amadziwa kuti Korani ikamanena za munthu wophwanya lumbiro, imamuuza kudyetsa osauka khumi chakudya chonga chimene amadyetsa banja lake lomwe. Muyeso wake ndi mbale ya wopereka, osati njala ya wolandira. Akhristu nawo ali ndi nkhani ya Yesu akudyetsa khamu la anthu 5,000 pafupi ndi nyanja ya Galileya. Abusa amakonda kutsindika za mikate, koma msodzi wa ku Malindi sangaiwale kuti panalinso nsomba.

Boma lili ndi poyankhira, ndipo yankho lake si lopusa. Ndalama n'zochepa, anthu ndi ochuluka. Kuwonjezera nyemba ndi mafuta kwa banja limodzi n'kuchotsa banja lina pa mndandanda. Ndani angasankhe kuti awa adye bwino, awo agone ndi njala? Choipa n'chakuti chithandizo cha ngozi chasanduka cha chaka ndi chaka, ndipo mwana amene wakula ndi phala lopanda nsinjiro sabwezeredwa msinkhu wake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse m'Malawi ndi opinimbira, ndipo ku Mangochi anali 45.

Mangochi ndi boma la nyanja ziwiri. Chambo cha ku Malombe chinayamba kuzilala zaka za m'ma 1980, koma usipa ukuyanikidwabe pa matandala m'madoko onse. Ogula amauthira m'matumba, nkuukweza m'malole a ku Limbe ndi ku Lilongwe, kudutsa pakhomo pa mayi uja amene akupeta chimanga cha boma, thelere lili pamoto.