Kodi Mdani Naye Ayenera Chilungamo?

Pa 5 Malichi 1770, asilikali a Britain anaombera khamu la anthu mumzinda wa Boston, ndipo anthu asanu anamwalira. Masiku amenewo dera la Massachusetts, komwe kuli mzindawu, linali pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo eni nthaka anali atatopa nawo asilikaliwo. Ambiri ankangofuna kuti anyongedwe basi. Pakati pa mkwiyo woterewu, loya wina wa zaka 34, John Adams, anavomera kuwaimira pabwalo la milandu.

Sikuti Adams ankaukonda ulamuliro wa Britain ayi. Iye anali mmodzi mwa amene ankatsutsa misonkho imene boma limeneli linkakakamiza anthu a ku America. Koma ankadziwa kuti lamulo likayamba kuyang'ana nkhope, palibenso amene angalidalire, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mlandu utazengedwa, mkulu wa asilikali, Thomas Preston, anapezeka wosalakwa. Mwa asilikali asanu ndi atatu, asanu ndi mmodzi anamasulidwa, pamene awiri anapezeka olakwa pa mlandu wopha mosakonzekera.

Kulimba mtima kumeneku sikunamugwetse pandale. M'chaka chomwecho anthu a ku Boston anamusankha kukhala phungu wawo m'nyumba ya malamulo ya Massachusetts. Mu 1776 anali patsogolo polimbikitsa kuti America ilengeze ufulu wodzilamulira, ndipo mu 1797 anakhala pulezidenti wachiwiri wa dzikolo.

Komabe mpando unamuyesa koposa khamu la ku Boston lija. Mu 1798 Adams anasaina lamulo lolanga anthu olemba kapena olankhula zonyoza boma. Chifukwa cha lamuloli, akonzi a nyuzipepala angapo anaimbidwa milandu, ndipo Matthew Lyon, phungu wa ku Vermont, anakhala m'ndende miyezi inayi. Munthu yemwe anateteza adani a mzinda wonse analephera kupirira omutsutsa iye mwini. Pachisankho cha 1800 anagonja kwa Thomas Jefferson.

Motero moyo wa Adams ukuyankha funsoli kawiri. Mdani ayeneradi chilungamo, monga zinaonekera mu 1770. Koma kuchitira chilungamo mdani wa anthu ena n'kopepuka poyerekeza ndi kuchitira chilungamo wokunyoza iwe mwini, makamaka pamene mphamvu zomulanga zili m'manja mwako.