Khasu la pa chizindikiro cha dziko

Abale a ku Ulongué ndi midzi yonse ya Angónia, kwazizira, koma kwacha.

Tsiku lina mukadzatenga chikalata cha boma, mudzachiyang'ane modekha chizindikiro cha dziko lathu la Mozambique. Pakati pake pali khasu, lopingasana ndi mfuti, pamwamba pa buku lotsegula. Mbali ina chimanga, mbali ina nzimbe.

Khasu limenelo... ndi lomwe lija mwaliika paphewa m'mawa uno. Dziko litalandira ufulu mu 1975, linasankha kudziwika ndi chida cha mlimi, nachiyandikiza ndi buku la mwana wasukulu.

Tsono amayi, abambo, popita kukapalira chimanga kapena kukumba mbatatesi, musadzione ochepa. Dziko limakuwerengerani. Mulime bwino lero.