Makapu Awiri a Madzi a mu Mtsuko



Mwezi wa Okutobala wafika pakati, ndipo moni wathu wasintha. Tikakumana panjira, tisanafunsane n'komwe za kunyumba, timayamba ndi dandaulo: "Koma dzuwa la chaka chinoli!" Winayo amayankha kuti, "Musanene, usiku sitikugona." Ngakhale muno m'tchalitchi, ndikudziwa kuti ena mwa inu kapepala kano mwakalandira ndi manja awiri chifukwa kakuthandizani kukupiza mphepo. Palibe mlandu. Kupizani ndithu, koma mukafika kunyumba mukakawerengeko musanakayatsire mbaula.

Ineyo ndili m'gulu la odandaulawo, mwinanso ndine wapampando wake. Koma sabata yathayi ndinalandira phunziro lomwe sindinalipeze m'makalasi a katekisimu, ndipo ndati ndikugawireniko.

Lachitatu masana ndinatsagana ndi amayi awiri a mumphakati wina kukazonda agogo ena amene anasiya kubwera ku Misa chifukwa cha miyendo. Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Njira yonse ine ndinkangong'ung'udza: fumbi, thukuta, nsapato zootcha mapazi. Kamvuluvulu anatidutsa n'kutithira zinyalala m'maso. Mumtima ndinkangoti, bwanji sitinadikire madzulo?

Tinawapeza agogo atakhala pamphasa patsinde pa mtengo wa mango. Nditangoti nditsegule buku la mapemphero, anandigwira dzanja. "Aphunzitsi, yambani mwamwa madzi. Mawu a Mulungu asadutse pakhosi pouma." Anaitana mdzukulu wawo, mtsikana wa kupulayimale yemwe anali atangoweruka kusukulu. Mwanayo anabwera ndi kapu ya madzi a mu mtsuko, nagwada pondipatsa.

Amene munamwapo madzi a mu mtsuko mu Okutobala mukudziwa zimene ndikunena. Mtsuko umachita thukuta ngati munthu: timadzi timadutsa m'dothi lake, ndipo mphepo ikamatiumitsa kunja, m'kati mumazizira. Sufuna magetsi, sufuna mayunitsi. Kapu yoyamba ndinaimwa osapumira. Ndinapempha yachiwiri.

Kenako ndinafunsa kuti, "Nanga kutenthaku mukukupirira bwanji, agogo?" Ndinkaganiza kuti tidandaulira limodzi. Iwo anangoseka. "Ine chilimwe ndi bwenzi langa, aphunzitsi. Mu Juni mawondowa sandigonetsa tulo, koma pano akupuma. Mwanayu akachapa, zovala zimauma ndisanamalize kolona. Tayang'anani m'mwambamu, mangowa akukula, posachedwapa tidya. Ndipo nyenjezo mukuzimva? Zikamalira chonchi ndiye kuti mvula ili m'njira."

Pobwerera, mmodzi wa amayi aja anandinong'oneza zimene sindinkadziwa. Chitsime chapafupi ndi agogowo chinaphwa mu Seputembala. Mtsikana uja amadzuka cha m'ma 4 koloko mbandakucha kukaima pamzere kumjigo, ndipo nthawi zambiri amangokwanitsa ndowa imodzi asanathamangire kusukulu. Ndowa imeneyo ndiyo yakumwa, yophikira ndi yotsukira mbale tsiku lonse. Ine ndinamwapo makapu awiri, n'kumadandaulanso za dzuwa. Kuchokera pamenepo mpaka kufika kunyumba sindinayankhulenso.

Usiku womwewo ndinatsegula buku la Genesis, mutu 18. Nkhaniyo imachitika nthawi yofanana ndi imene ife tinafika kwa agogo aja, dzuwa litatentha kwambiri. Abrahamu anali atakhala pakhomo la hema wake pafupi ndi mitengo ya ku Mamre. Sanali paguwa lansembe, sanali paphiri lopatulika. Anali nkhalamba yothawa dzuwa, monga tichitira tonse masana ano. Atakweza maso anaona alendo atatu, ndipo anathamangira kukawachingamira. Anawapatsa madzi osambitsa mapazi, mthunzi wa mtengo woti apumulepo, buledi wophika Sara, nyama ndi mkaka. Ali pakudya pamthunzipo, alendowo ananena kuti chaka chotsatira Sara adzakhala ndi mwana wamwamuna.

Kumbukirani kuti Abrahamu anachoka ku Harani ali ndi zaka 75, atamva lonjezo la Mulungu. Tsiku la alendo atatuli anali akuyandikira zaka 100. Zaka zoposa makumi awiri akudikira chinthu chachikulu, ndipo yankho lake linafika tsiku wamba, masana otentha, kudzera mwa alendo ofuna madzi ndi mthunzi. Akanakhala kuti Abrahamu anaweramitsa mutu n'kumatukwana dzuwa, alendowo akanamudutsa.

Ife timakonda kumufunafuna Mulungu pa zinthu zazikulu: pa Khirisimasi, pa Pasaka, tsiku la ukwati, tsiku limene Ambuye Episkopi abwera kudzapereka Ulimbitso. Masiku amenewo ndi opatulika ndithu. Koma tayang'anani kalendala ya Mpingo. Mwa masabata 52 a chaka, masabata 33 kapena 34 ndi a Nyengo ya Pachaka, nyengo yopanda chikondwerero chapadera, imene tilimo panopa. Kunja kwauma, udzu wapsa, koma Bambo Mfumu akukwera paguwa atavala zobiriwira, mtundu wa chinthu chomwe chikukula mwakachetechete. Ambuye Yesu amene anakhala zaka pafupifupi 30 ku Nazareti asanayambe kulalika. Zambiri mwa zaka zimenezo zinali za m'nyumba yopalira matabwa, za kuchitsime, za chakudya chamadzulo ndi Maria ndi Yosefe. Mwana wa Mulungu sanaone kuti masiku amenewo ndi otayika.

Apa ndifuna ndiyankhule ndi achinyamata anzanga. Ambiri a ife tili ndi mapepala a sukulu m'envulopu, tikudikira kuitanidwa kuntchito. Ena akusonkhanitsa ndalama za ulendo wa ku Joni. Ena akudikira banja. Mumtima timati moyo udzayamba zimenezi zikadzatheka, ndipo za lerozi n'zongodutsa. Ine ndikudziwa chifukwa nditamaliza maphunziro a kukoleji ndinakhala pakhomo zilimwe ziwiri ndikudikira. Mukandifunsa lero zimene ndikukumbukira za nthawi imeneyo, ndi foni basi, yomwe ndinkangoyang'ana ngati mwalowa uthenga. Mango anapsa kawiri, mvula yoyamba inagwa kawiri, amayi anga anandiphikira nsima tsiku ndi tsiku, ndipo sindikukumbukira kuti ndinathokozapo. Kudikirako kunali kowawa, sindikukana. Koma masiku amenewo anali mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo ndinawabweza osatsegula.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tidekhe pang'ono, tione zimene chilimwe chino chatibweretsera.

Kuli kamphepo kam'mawa, tambala atangolira, kamene amakadziwa okhawo olawirira kukasosa kumunda kapena kubwera ku Misa ya m'mawa. Kuli thobwa lozizira pobwera kokonza mizere. Kuli ana okhala pamwala ndi mango osapsa ndi kamchere m'manja, nkhope zitakwinyika koma osasiya kudya. Kuli abambo pa bawo pansi pa mtengo, kukangana ngati mlandu wa kwa mfumu, kenako n'kuseka onse. Kuli masuku amene ayambe kuoneka pamsika masabata akubwerawa. M'tauni jakaranda wayala maluwa ake m'misewu, ndipo timawaponda osayang'ana. Madzulo nyumba ikatentha timatulutsa mphasa panja, ndipo banja lonse limapezeka pamodzi pansi pa nyenyezi. Magetsi akathima, ana amamva nthano zimene wailesi ya kanema inawalanda. M'mwezi uno wa kolona, mabanja ambiri akupempherera panja pomwepo, ndipo mawu a Tikuoneni Maria amamveka mpaka kwa aneba.

Yang'ananinso mitengo ya kuthengo. Mombo ndi anzake amaphuka masamba ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe, nthaka ili gwa. Msangu ndiye wodabwitsa: umayoyola masamba m'dzinja, n'kukhala ndi masamba m'chilimwe, nthawi imene ziweto ndi anthu akusowa pothawira dzuwa. Ndipo tsiku lina posachedwapa kudzagwa chizimalupsa, fungo la dothi lonyowa lidzadzaza mudzi wonse, ana adzathamangira panja osavala malaya. Zonsezi palibe amene amatilipiritsa.

Wina anganene kuti, aphunzitsi, inu mukusimba za mango pomwe m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi, chimanga chakwera mtengo, ndalama ya feteleza sikuoneka. Ndi zoona. Chilimwe chili ndi mitanda yake. Abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje amapirira kutentha kopitirira madigiri 40. Zitsime zimaphwa, amayi ndi atsikana amayenda mitunda kufuna madzi, okalamba ndi makanda amafooka msanga. Kuthokoza sikutanthauza kutseka maso. Agogo aja amadziwa bwino kuti m'nyumba mwawo muli ndowa imodzi yokha. Amadziwa kuposa ine. Koma mavutowo sanawalande maso oonera zabwino, ndipo chifukwa choona zabwinozo anali ndi mtima wogawira mlendo. Munthu wongodandaula amafumbata manja, poti amaona ngati chilichonse chikumuchepera. Munthu wothokoza amatambasula.

Ndipo tisadzinamize kuti kudandaula kwathu kudzatha dzuwa likadzachepa. Walira mvula walira matope. Mu Januwale tidzadandaula za matope ndi udzudzu, mu Juni za chisanu. Mtima ukazolowera kung'ung'udza, nyengo iliyonse umapeza chifukwa. Aisraele m'chipululu ankatola mana m'mawa uliwonse, komabe anafika potopa nawo n'kumalira nkhaka ndi anyezi a ku Ejipito.

Mwezi uno tinauyamba ndi chikumbutso cha Tereza Woyera wa Mwana Yesu, pa 1 Okutobala. Iye analowa m'nyumba ya masisitere a Karimeli ku Lisieux, m'dziko la France, ali ndi zaka 15, ndipo anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24 zokha. Sanamange tchalitchi, sanapite kudziko lakutali kukalalika. Ankachapa, kusesa, ndi kumwetulira sisitere amene ankamuvuta, zonsezo chifukwa chokonda Yesu. Mu 1927 Papa Pius XI anamutcha nkhoswe ya utumiki wa mishoni pa dziko lonse. Mpingo unaona kuti tinthu tating'ono tochitidwa mwachikondi timafika kutali.

Ambuye Yesu ludzu amalidziwa. Pa Yohane mutu 4 timawapeza atatopa ndi ulendo, atakhala pachitsime cha Yakobo dzuwa lili pamutu, akupempha madzi kwa mayi wa ku Samariya. Ndipo pa Mateyo 10:42 analonjeza kuti ngakhale wopatsa mmodzi wa ophunzira ake madzi ozizira okha sadzataya mphotho yake. Ananenadi za madzi ozizira, monga munthu amene anayendapo padzuwa. Mtsikana uja wodzuka mbandakucha mwina vesi limeneli salidziwa, koma analichita pamaso panga Lachitatu.

Tsono ndikupemphani zinthu zitatu sabata ino. Choyamba, madzulo aliwonse musanayambe kolona, aliyense m'banjamo atchule chinthu chimodzi chaching'ono chimene chamusangalatsa tsikulo, ndipo muthokoze Mulungu pochitchula dzina. Ana ayambe ndiwo, chifukwa amaona zambiri kuposa ife. Chachiwiri, aliyense wofika pakhomo panu, kaya ndi wogulitsa makala, kaya wa kabaza, kaya mwana wotumidwa, asachoke osamwa madzi. Chachitatu, pamsonkhano wa mphakati sabata ino, tiwerengane: ndi okalamba ati, odwala ati, amene alibe wowatungira madzi? Achinyamata, apa ndiye pathu. Tili ndi njinga, tili ndi zigubu, tili ndi mphamvu, ndipo ambiri a ife nthawi tili nayo. Mwana wa sukulu asamagone m'kalasi chifukwa chodzuka usiku kukatunga madzi pomwe anyamata a mumphakati mwake ali pa bawo. Ine ndayamba kale kubweza ngongole yanga: Loweruka ndinapita ndi zigubu ziwiri kwa agogo aja. Anandiseka, nati makapu awiri abala zigubu ziwiri, ndipo anandipatsanso madzi akumwa.

Mvula ibwera, ndipo tonse tidzatanganidwa ndi kubzala ndi kupalira. Masiku a chilimwe chino atsala ochepa, ndipo sadzabweranso. Tisawalole kuti adutse tisananene zikomo.

Tipemphere. Atate a chifundo, Inu amene munachezera Abrahamu masana otentha, tichezereninso ife m'masiku athu wamba. Tsegulani maso athu kuti tione mphatso zanu zazing'ono, ndipo tsegulani manja athu kuti tigawane ndi aludzu. Limbitsani okalamba, odwala ndi onse oyenda mitunda kufuna madzi. Tipatseni mvula yabwino pa nthawi yake. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Ndikufunirani Lamulungu labwino nonse.