Mawu Abwino m’Nyengo ya Mayeso

1, 2. Kodi nchifukwa ninji nyengo ya mayeso imalemetsa achichepere a ku Cape Town ndi a kwina?

CHAKA chilichonse chakumapeto kwa October, pamene mphepo yamphamvu yonga mwera wa kunyanja ya Malaŵi ikuntha mzinda wa Cape Town, ku South Africa, achichepere zikwi zambiri amaloŵa m’nyengo imene akhala akuiwopa. Ndiyo nyengo ya mayeso a matric, omaliza a giredi 12. Mayesowo amatenga milungu ingapo, ndipo kaŵirikaŵiri zotulukapo zake zimalengezedwa mu January. M’maminibasi ochokera ku Khayelitsha ndi ku Mitchells Plain, ndiponso m’mabasi a Golden Arrow, ana a sukulu amakhala duu, maso ali pamapepala.

2 Nkhaŵa yawo njomveka. Chiyambire 2008, wofuna National Senior Certificate amatenga maphunziro 7, ndipo m’ambiri a iwo 75 peresenti ya malikisi imadalira pa mayeso omaliza. Malikisiwo angatsegule kapena kutseka khomo la ku University of Cape Town kapena University of the Western Cape. Mtolowo ngwolemererapo kwa ana a Amalaŵi amene makolo awo anasamukira mumzindawo kukagwira ntchito za m’nyumba ndi za m’minda ya maluŵa, pakuti ngakhale achibale akumudzi amatchera khutu. Wolemba MSCE ku Malaŵi, kapena giredi 12 ku Zambia, amaudziŵa bwino mtolo umenewu.

3. Kodi Miyambo 12:25 imasonyeza mankhwala otani a nkhaŵa?

3 Baibulo silimapeputsa kupsinjika koteroko. Mfumu Solomo anavomereza kuti kuŵerenga kopambanitsa kumalefula thupi. (Mlaliki 12:12) Pa Miyambo 12:25 iye anasonyeza nkhaŵa kukhala cholemetsa mtima, natchulanso mankhwala ake: liwu lokoma. Komatu liwu limafuna anthu aŵiri, wolankhula ndi wakumva. Pano mpamene pali ngozi, chifukwa nkhaŵa imachititsa munthu kudzitsekera m’chipinda ndi kuleka kupatsa ena moni, pamene Malemba amachenjeza kuti kudzipatula sikuli kwanzeru.—Miyambo 18:1.

Zitsanzo za m’Malemba

4, 5. Kodi Danieli ndi Yesu anachita motani ndi anthu achilendo?

4 Danieli ndi anzake atatu anali achichepere m’dziko la eni. Ku Babulo anaphunzitsidwa chinenero ndi zolemba za Akasidi kwa zaka zitatu, akumadziŵa kuti wodzawayesa pamapeto pake adzakhala Mfumu Nebukadinezara mwiniyo. Chikhalirechobe, Danieli sanatseke pakamwa. Analankhula mwaulemu ndi akapitawo achilendo owayang’anira, napempha kuti ayesedwe kwa masiku khumi pankhani ya chakudya. Yehova anadalitsa kulankhula kwaulemu kumeneko, ndipo patsiku la kuyesedwa anayiwo anaposa onse.—Danieli 1:3-20.

5 Yesu Kristu anapereka chitsanzo choposa. Atatopa ndi ulendo, anakhala pansi pachitsime cha pafupi ndi Sukari dzuŵa lili paliwombo. Kunafika mkazi Msamariya, wa mtundu umene Ayuda sanali kuyenderana nawo. Yesu anayamba ndi nkhani wamba, akumapempha madzi akumwa, ndipo makambitsiranowo anafika pa kulambira koona. Pamene ophunzira anadza ndi chakudya, anampeza wotsitsimulidwa kale. (Yohane 4:5-34) Cape Town nayenso anali ndi malinga ake. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza District Six kukhala dera la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa. Malamulowo anathetsedwa, koma malinga a mumtima amagwa pang’onopang’ono, kaŵirikaŵiri mwa moni umodzi panthaŵi imodzi.

Paulendo wa Kusukulu

6, 7. Kodi wachichepere amapindulanji mwa kulankhula ndi anthu amene akumana nawo?

6 Tayerekezerani mtsikana Wachikristu wa m’banja la Chimalaŵi lokhala ku Imizamo Yethu, m’dera la Hout Bay. M’maŵa wa tsiku la mayeso a masamu, iye akwera minibasi mtima ukugunda. Pambali pake pakhala mayi wachikulire. M’malo mwa kuzyolika, mtsikanayo apereka moni wa m’Chixhosa nati: “Molweni, mama.” Mayiwo aona mabuku ake namfunsa chimene akukalemba. Ndiyeno asimba kuti alaŵirira kuchipatala, kumene mdzukulu wawo wagonekedwa. Mtsikanayo amvetsera, nawauza mwachidule lingaliro la pa 1 Petro 5:7, lakuti Mulungu amasamala ndipo munthu angamtulire zodetsa nkhaŵa zake zonse. Mawu amene akutonthoza nawo mayiwo akutonthozanso iye mwini. Pepala la masamu silinasinthe, koma iye atsika m’minibasi atapepukidwa.—Machitidwe 20:35.

7 Sikuti kukambitsirana kulikonse kuyenera kufika pa Malemba. Yesu anaphunzitsa kuti ngakhale kupereka moni kwa osakhala abale kuli mbali ya chikondi. (Mateyu 5:47) Mawu oŵerengeka ndi woyendetsa basi, kapena ndi amayi ogulitsa maluŵa mu Adderley Street, amakumbutsa wachichepere kuti dziko nlalikulu kuposa chipinda cha mayeso. Iye amakumana ndi anthu amene anakhoza ndi ena amene analephera, onsewo akudyetsa mabanja awo. Ku South Africa wolephera matric angalembenso, monga momwe wolephera MSCE angabwerezere. Choposa zonse, Yehova samayesa munthu ndi satifiketi, amayang’ana mtima.—1 Samueli 16:7.

Kusamala ndi Kulinganiza

8. Kodi ndi kusamala kotani kumene kuli kofunika?

8 Komabe, ubwenzi suli kupusa. Yesu analangiza ophunzira ake kukhala ochenjera ndiponso osalakwa pakati pa anthu oipa. (Mateyu 10:16) M’mizinda yaikulu muli upandu. Chotero wachichepere wanzeru amalankhula pamalo apoyera, pamene pali anthu ena. Samaulula kumene amakhala kapena nambala yake ya foni, ndipo samakwera galimoto ya munthu wosamdziŵa. (Miyambo 22:3) Ndiponso, macheza saloŵa m’malo mwa kuŵerenga. Pali nthaŵi ya kulankhula ndi nthaŵi ya kukhala chete, ndipo wokonzekera pasadakhale ndiye amapindula.—Mlaliki 3:1, 7, Miyambo 21:5.

9, 10. (a) Kodi makolo ndi mpingo angathandize motani? (b) Kodi nchiyani chidzatsala mayeso atapita?

9 Ngati liwu la mlendo likhoza kupeputsa mtima, koposa kotani nanga la atate kapena amayi! Makolo amene amangofunsa za malikisi, kapena kuyerekezera mwana ndi wa mnansi, angamlefule. (Akolose 3:21) Nkwabwino kumchepetsera ntchito zapanyumba, kuona kuti akudya ndi kugona mokwanira, ndi kupemphera naye. Achikulire mumpingo angamuuze kuti akumkumbukira. Ngati wachichepere aleka kudya, asoŵa tulo kwa masiku ambiri, kapena alankhula za kufuna kufa, makolo ayenera kuchitapo kanthu mwamsanga, kuphatikizapo kupita naye kwa dokotala.

10 Pemphero lochokera mumtima limadzetsa mtendere wa Mulungu, ndipo Yesu analangiza kusenza mtolo wa tsiku limodzi lokha. (Afilipi 4:6, 7, Mateyu 6:34) January adzafika, zotulukapo zidzalengezedwa, ndipo m’kupita kwa zaka malikisiwo adzaiŵalika. Koma wachichepere amene anaphunzira kuona mnansi wake ngakhale pamene iye mwini anali m’nkhaŵa adzakhala atapeza chinthu chokhalitsa, chamtengo wake pamaso pa Yehova.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji kudzipatula kumakulitsa nkhaŵa?

□ Kodi Yesu anayamba motani kukambitsirana pachitsime?

□ Kodi wachichepere angakhale motani waubwenzi komanso wosamala?