Kodi Ndi Swaumu Imene Ikukupwetekani M'mimba?

Chaka ndi chaka Ramadhani ikangofika pakati, amayamba kundipeza pakhonde la mzikiti anthu ogwira pamimba. Wina akuti, "Shehe, chilungulira chandisowetsa tulo." Wina akuti watha masiku atatu ali wodzimbidwa. Onsewa mlandu amaupereka kwa swaumu. Ine ndimangofunsa kuti, dzulo munafutulu chiyani, nanga munagona nthawi yanji? Apo munthu amayamba kuyang'ana pansi.

Taganizani m'mene timachitira adhana ya Magharibi ikangomveka. Chifu chakhala chopanda kanthu maola oposa 12. Ife tichithira tiyi wa shuga wambiri, mandasi atatu, futali wa chinangwa, kenaka nsima ndi chambo chokazinga cha kambuzi, zonsezi theka la ola lisanathe. Powerama pa Tarawehe, madzi owawasa afika kukhosi.

Chimene chachitika ndi ichi. Pamene kum'mero kumakumana ndi chifu pali kamnofu kotseka, ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Chifu chikadzaza kopitirira, kapena chakudya chikachuluka mafuta, kamnofuko kamalekerera, ndipo asidi wogaya chakudya amabwerera m'mwamba. Ndicho chilungulira chimenecho. Fodya nayenso amakafooketsa. Inu amene mumafutulu ndi ndudu kuseri kwa nyumba, mwamva. Ndipo munthu akagona atangodya daku, asidiyo njira yake yaphweka. Madokotala amalangiza kuti papite maola awiri kapena atatu munthu asanagone.

Za kudzimbidwa sindichulutsa. Madzi tikumwa ochepa, ufa ndi woyera, masamba tawaiwala. Bwererani ku mgaiwa, nyemba, bonongwe ndi papaya, ndipo madzi muzimwa pang'onopang'ono kuyambira Magharibi mpaka daku.

Tsono wina anena kuti, "Chakudyacho ndi halali, ndachipeza ndi thukuta langa panyanja, ndapirira tsiku lonse, ndalakwa chiyani ndikakhuta?" Funso ili si lachibwana. Zoona, usiku kudya nkololedwa. Koma ayah 31 ya Surat Al-A'raf, imene ikutilola kudya ndi kumwa, ndi yomweyonso ikuletsa kupyola muyeso. Ndipo m'hadith yolandiridwa ndi Imam Tirmidhi, Mtumiki (S.A.W.) anagawa mimba patatu, gawo limodzi nkulisiyira mpweya. Thupili ndi amana, tinachita kusungitsidwa. Msodzi amene wabwereka bwato la mnzake salidzaza usipa mpaka madzi kumalowa m'mphepete, ngakhale usipawo ndi wakewake, chifukwa akudziwa kuti mwini bwato adzamufunsa. Komanso ngati usiku tikubweza zonse zimene tinadzimana masana, ndi chiwongola dzanja pamwamba, swaumu yatiphunzitsa chiyani? Nkhuli ija tangoisinthira nthawi basi.

Koma pali ena amene ululu wawo sukuchokera ku nkhuli, ndipo za iwowa mtima wanga umalemera. Ndikunena a zilonda za m'mimba. Ndinadziwa bambo wina wachikulire, wosaphonya jamaa, amene anapitiriza kumanga swaumu pamchombo pakutentha ngati khala la moto. Tsiku lina anasanza magazi, ndipo anapita naye kuchipatala atakomoka. Nditakamuzonda ndinamufunsa chifukwa chake sanamasule. Anati, "Anthu akanati chiyani, kuona utsi kukhitchini kwanga masana?"

Mwaona? Sanatchule Allah, anatchula anthu. Surat Al-Baqarah, ayah 184 ndi 185, ikumulola wodwala kumasula ndi kudzabweza masikuwo akachira. Chilolezo chimenechi ndi mphatso. Woikana chifukwa choopa maso a anansi adzifunse bwino kuti swaumu yakeyo akumangira yani. Nafenso tili ndi gawo pa mlanduwu, ife amene timanong'onezana tikaona mnzathu akumwa madzi masana, osadziwa chimene dokotala wamuuza.

Kale tinkati zilondazi zimabwera ndi njala kapena maganizo, ndipo munthu ankangozolowera kukhala nazo. Mu 1982 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamakhala m'chifu, ndipo lero nkodziwika kuti zilonda zambiri gwero lake ndi iko. Kamaphedwa ndi mankhwala a kuchipatala omwa sabata imodzi kapena ziwiri. Zilonda zina zimadza ndi mapiritsi opha ululu monga aspirin ndi Brufen, amene ambiri timangogula pagolosale nkumamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana kapena mutu. Wodwala chifu awapewe.

Choncho ngati m'mimba mumatentha kawirikawiri, pitani akakupimeni mwezi wa Shabani usanathe, musadikire kuti mwezi uoneke. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena masanzi a magazi, kapena thupi likungotha popanda chifukwa, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, swaumu ili pakamwa kapena ayi. Amene dokotala wamuuza kuti matenda ake ndi okhalitsa, apereke fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene wamasula. Ndipo inu amayi a pakhomo, wodwalayo muphikireni phala lake masana, moto usonkhedwe poyera.