Wogona pakhonde la sitolo ali m'kaundula wa yani?

Kukamacha ku Chipata, masitolo a pafupi ndi msika wa Kapata asanatsekulidwe, pamakhonde ena pamaoneka anthu akupinda makatoni ndi masaka amene anagonera. Wina amabisa mpukutu wake kuseri kwa chipupa, n'kusukusula ndi madzi a m'botolo, kenako n'kupita kukadikira katundu woti asenze. Akafunsidwa kwawo, munthu wotere satchula Chipata. Amatchula mudzi ndi mfumu, ndipo ena mwa mayinawo ndi odziwika bwino ku Chadiza: kwa Mlolo, kwa Zingalume, kwa Mwangala.

Ku Chadiza kwenikweniko anthu ogona panja saoneka kawirikawiri, chifukwa mbumba ya Achewa imakhalabe ndi mphasa ya mlendo ndi mbale ya mwana wamasiye. Koma mbumba nayo imatopa. Mkamwini ukwati ukatha amachoka pamudzi wa mkazi wake ndi kachikwama chabe, mwina kwawo munda unagawidwa kale. Chilala chija cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinasiya nkhokwe zambiri zili mbee. Zikatero mnyamata amakwera galimoto kupita ku Chipata kukasaka maganyu, ndipo zikakanika kumeneko amatsata msewu wa Great East mpaka ku Lusaka, kumene usiku umamupeza pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kapena ku msika wa Soweto.

Thandizo lilipo. Nthambi ya Social Welfare, pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu, ili ndi ofesi m'maboma. Kuwonjezera pa ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, nthambiyi imayendetsa Public Welfare Assistance Scheme, yothandiza anthu amene zawathina kotheratu, kuphatikizapo amene asowa njira yobwerera kwawo. Mwana amene ali pamavuto angathe kuimba 116 mwaulere, wamkulu 933. Kupolisi kuli Victim Support Unit ya anthu ochitiridwa nkhanza. Ku Kamwala mu Lusaka, bungwe la Fountain of Hope lakhala likulandira ana a m'misewu kwa zaka zambiri. Lamulo la ana la 2022 likunenanso momveka kuti mwana wosowa womusamalira ndi udindo wa boma.

Vuto lagona pa khomo lolowera. Pafupifupi thandizo lonseli linamangidwa poganizira munthu amene ali ndi mudzi. Mayina a olandira Social Cash Transfer amachokera m'makomiti a m'midzi otchedwa CWAC, amene amadziwa khomo lililonse: pano pali agogo olera zidzukulu, apo pali wolumala. Njira imeneyi ndi yabwino, chifukwa anansi sanamizidwa wamba. Koma imawerenga mabanja okhazikika m'deralo. Munthu wogona pakhonde alibe khomo loti komiti ifikepo, ndipo kumudzi kumene amamudziwa anachokako kalekale. Reji yake (chiphaso cha unzika) mwina inabedwa ali mtulo kapena inanyowa ndi mvula mpaka kufufutika, ndipo amene sanaitengepo amafunika kholo kapena wachibale womuchitira umboni. Popanda reji sangalembetse nambala ya foni yolandirira ndalama.

Ena amati anthuwa amakana okha thandizo. N'zoona kuti alipo amene amathawa m'malo osungirako ana n'kubwerera mumsewu, makamaka amene anazolowera kununkhiza guluu. Koma munthu amene wakhala akuthamangitsidwa pakhomo lililonse sangalowe yekha muofesi ya boma atavala sanza. Kumuuza kuti "pitani ku Social Welfare" sikokwanira. Pamafunika wina womuperekeza, wokhala naye pabenchi, womuyankhulira pamene mawu amuthera.

Zimenezi zimaoneka kwambiri kwa odwala matenda a maganizo, amene ndiwo amakhalitsa mumsewu. Anthu amangoti "ndi wamisala" n'kumulambalala. Chikhalirecho Chadiza ili ndi malo osamalira odwala otere ku Nsadzu, ndipo ku Lusaka kuli chipatala cha Chainama. Lamulo la 2019 la umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, n'kutsindika ulemu ndi ufulu wa wodwala. Komabe wodwala akatuluka m'chipatala popanda wachibale womukumbutsa mankhwala, sipatenga nthawi kuti apezekenso pamsika.

Apa ndi pamene Chadiza ingachitepo zambiri popanda ndalama zochuluka. Anyakwawa ali ndi mabuku a mudzi, ndipo amadziwa amene anapita kutauni osamvekanso. A CWAC atamasonkhanitsa mayina amenewa n'kuwapereka ku ofesi ya Social Welfare, ofesiyo ingathe kufunsa anzawo a ku Chipata ndi ku Lusaka. Mipingo ili ndi nthambi kumudzi ndi kutauni komwe, choncho uthenga wochoka kwa Zingalume ungafike ku Kamwala tsiku lomwelo. Amayi ogulitsa pamsika, onyamula anthu panjinga ndi otchola matikiti a basi, amene amaona ogona panja tsiku ndi tsiku, ndiwo oyenera kuphunzitsidwa manambala aja ndi kusonyezedwa chitseko cha ofesi.

Kubweza munthu kumudzi nako kumafuna kukonzekera. Amene watsika basi pa boma la Chadiza n'kupeza kuti kulibe munda, mbewu kapena malo kusukulu, amakweranso basi yomweyo mwezi usanathe. N'chifukwa chake asananyamuke kutauni, atsibweni ake azikhala atauzidwa kale, nyakwawa atamukonzera malo oti adzalime, ndipo ngati ndi mwana, dzina lake litalembedwa pasukulu ya boma, pamene kuyambira January 2022 salipiritsanso fizi.