Siponji Yakuda ya Amalume

Padangokhala, mumzinda wa Lilongwe munali bambo wina wokonda zonyezimira. Nsapato ankapukuta m'mawa ndi madzulo, galimoto inkatsukidwa ngakhale tsiku limene sinayende, ndipo pabalaza pake pankawala mwakuti alendo ankachita mantha kukhala pa mipando. Tsiku lina anapita ku Salima kumsonkhano wa kuntchito, ndipo pahotela ina m'mbali mwa nyanja anaona thanki ya galasi yodzaza tinsomba tachikasu, tabuluu, tina tamizeremizere. Za msonkhano anaiwala. Pobwerera, njira yonse ankangoganiza za khoma la pabalaza pake lomwe thankiyo ingakhale bwino.

Bamboyu anali ndi amalume ake ku Senga Bay, nkhalamba imene paunyamata wake inkamira m'nyanja kugwira mbuna zotumiza ku Ulaya. Iye sankakonda kuwaitana, chifukwa zovala zawo zinkamveka usipa ndipo ankalowa m'nyumba ndi nkhwaira zafumbi. Koma ulendo uno anawafuna, choncho anawatumizira ndalama ya minibasi.

Amalume anapeza thanki ya malita 200 itafika kale, pamodzi ndi sefa, pampu ya mpweya ndi hita, zonse zili m'makatoni. Anazungulira, nagogoda galasi ndi chala, kenaka anatulutsa m'thumba miyala ingapo ndi jumbo yomanga pakamwa. M'jumbomo munali siponji yonyowa, yakuda, yonunkha matope.

"Mphwanga, chuma ndakubweretsera ndi ichi. Ndachitenga m'sefa ya mnzanga amene thanki yake yakhala zaka zambiri."

"Amalume, chinthu chonyansachi chilowe m'nyumba mwanga?"

"Tamvera kaye. Nsomba ikadya imatulutsa zoipa, ndipo chakudya chotsala chimaola. Zonsezo zimasanduka amoniya, amene amawotcha makha a nsomba. M'nyanja madzi ndi ambiri, poizoniyo amamwazika. M'galasi ili alibe kopita. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'siponji ndi m'miyala. Tina timasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni. Tina timasandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene sapha msanga, ndipo ameneyo umamuchepetsa wekha pochotsako madzi pang'ono sabata iliyonse. Thanki yatsopano ilibe tizilomboti. Kuti tiswane tokha pamapita masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Siponji yangayi ndi mbewu, ifupikitsa nthawiyo. Uyiike m'sefa, pampu isazime, uziponyamo kachakudya kochepa tsiku lililonse ngakhale mulibe nsomba. Ukatero uyambe ndi nsomba zochepa, zina uziwonjezera pang'onopang'ono."

Ananenanso zambiri. Madzi a pampopi ali ndi klorini amene amapha tizilomboti, ndiye aziyamba agona mu ndowa yosavundikira kapena athiridwe mankhwala ochotsa klorini. Mbuna zinazolowera madzi otentha pakati pa madigiri 24 ndi 28, osati chisanu cha Lilongwe m'mwezi wa Juni. Kwawo ndi m'miyala, mmene zimapala ndere ndi mano, ndipo yaimuna iliyonse imafuna phanga lake, apo ayi ndewu sidzatha. Anamuchenjezanso kuti asatume anyamata kukagwira nsomba ku Cape Maclear, chifukwa kumeneko ndi paki yotetezedwa kuyambira mu 1980, koma akagule kwa ogulitsa ovomerezeka.

Bamboyo ankangoti, "Ndamva, amalume, ndamva," maso ali pa wotchi. Loweruka la sabata yomweyo kunyumbako kunkabwera abwana ake akuntchito, ndipo sakanalola kuti aone galasi lopanda kanthu lili ndi chinthu chakuda chikuphulika thovu pakona. Amalume atangokwera minibasi, iye anagwira jumbo ija ndi zala ziwiri n'kukaiponya kudzala, miyala ija pamwamba pake.

Pamene amalume ankalankhula, mwana wamkazi wa bamboyu anali atakhala pakhomo akusenda mbatata, ndipo palibe mawu amene anamudutsa. Anakatola jumbo isanaume, natenga beseni lalikulu lapulasitiki limene amayi ake anasiya kuchapiramo, nalitsuka ndi madzi okha, nakaliika m'kachipinda kosungiramo makasu. Wogulitsa thanki anali atapereka kapampu kena kakang'ono ngati basela. Mtsikanayo anakalumikiza pa siponji, naunjika miyala, n'kumaponyamo kachakudya m'mawa uliwonse. Mnyamata wa m'dimba ankamuseka kuti akudyetsa madzi. Iye sankayankha.

Lachisanu bambo ake anadzaza thanki ndi madzi ochokera pampopi pomwepo, nabwera ndi mbuna 30 ulendo umodzi. Miyala sanaifune, anati imabisa nsomba zimene wagula ndi ndalama zake. Hita anaibwezera m'katoni chifukwa chingwe chake chinkaipitsa khoma. Loweruka alendo anabwera, anajambula zithunzi, anayamikira. Usiku umenewo bamboyo anagona akumwetulira.

Pasanathe sabata madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zinaunjikana pamwamba, pakamwa pali yasa yasa. Iye anati ndi njala, nawonjezera chakudya. Zitakana, anati mwina zatopa ndi chakudya cha m'paketi, nazipatsa nyama ya ng'ombe yogaya. Tsono mbuna zambiri matumbo ake ndi aatali, opangidwira ndere, ndipo nyama yotere imazitupitsa mimba. M'mawa mwake zingapo zinali chagada.

Apa mpamene khalidwe lake linamupweteka kwenikweni. Munthu amene moyo wake wonse vuto lililonse ankalithetsa ndi sopo anaganiza kuti ili nalonso ndi la sopo. Anakokolola madzi onse, natsuka galasi mpaka kulira, nachapa siponji yatsopano ya m'sefa pampopi mpaka kuyera. Tizilombo tochepa timene tinali titayamba kuswana tinapita ndi thovu la sopo. Thanki inawala, nsomba zinapitiriza kufa. Ankati madzi akangoda pang'ono, iye n'kuchapanso, ndipo nthawi iliyonse ankabwezera thankiyo pa tsiku loyamba. Chisanu chinaphanso zina. Pakutha pa mwezi munatsala nsomba zitatu zachikasu, za mtundu umene a sayansi amautcha Labidochromis caeruleus, wochokera chakumpoto cha ku Nkhata Bay, umene ndi wofatsa kuposa mbuna zinzake.

"Kataye izi," anauza mnyamata wa m'dimba. "Ndatopa n'kuona maliro m'nyumba mwanga."

Mtsikana uja anamutsatira kuseri n'kumulanda ndowa. Sanazikhuthulire m'beseni nthawi yomweyo. Anayamba wathira madzi a m'beseni m'ndowamo kapu imodzi imodzi, monga anamvera kwa agogo ake, kuti nsomba zizolowere. Anakatenganso hita m'katoni. Kuyambira pamenepo ankazipatsa chakudya chongokwanira kutha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Loweruka lililonse ankachotsako gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, n'kubwezeramo ogona m'ndowa. Siponji ikatsekeka ankangoifinya m'madzi omwe wachotsawo n'kuibwezera ili chidere. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, ankatunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, ndipo tsiku limenelo sankazidyetsa.

Patapita miyezi itatu amalume anabweranso mumzinda, atanyamula chambo chowamba. Anapeza thanki ili gwaa, mwauma, mwaikidwa maluwa apulasitiki.

"Anandigulitsa nsomba zodwala, amalume. Anthu a masiku ano ndi akuba."

Nkhalamba inangogwedeza mutu. "Nanga siponji yanga ili kuti?"

Bamboyo anayang'ana kudenga. Mtsikana anagwada pafupi n'kunena chapansipansi, "Agogo, tiyeni mukaone kuseri."

Onse anapita, mwini nyumba ali pambuyo. M'kachipinda kamakasu munali beseni, miyala itabiriwira ndere, siponji yakuda ikutulutsa thovu, ndipo nsomba zitatu zachikasu, zonenepa, zinkalowa ndi kutuluka m'mapanga. Imodzi inali pakona, pakhosi patatupa, ndipo chakudya chitaponyedwa sinachiyandikire.

"Mwaona? Iyo yayambanso kudwala," anatero bamboyo, mawu ake akumveka ngati wapezako pothawira.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, imeneyo ndi ntchembere. Yanyamula mazira m'kamwa. Ikhala choncho pafupifupi masabata atatu osadya, kenaka idzalavula tiana tamoyo tosambira kale. Mbuna siiswa m'madzi amene sikuwakhulupirira."

Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka mtima wake wakale unadzuka. "Ndiye tizisamutsire pabalaza lero lomwe. Miyalayi tiyambe taikwecha."

"Usandifunse ine," anatero amalume. "Funsa mwini wake. Iwe unataya, iye anatola."

Kwa munthu wamkulu, kupempha chilolezo kwa mwana wako m'kachipinda kamakasu, mnyamata wa m'dimba akumvetsera pazenera, si chinthu chopepuka. Koma anapempha. Mtsikanayo anavomera, naika malamulo ake. Maluwa apulasitiki atuluke. Siponji idulidwe pakati, theka lipite m'sefa ya pabalaza, thanki iyende yopanda nsomba mpaka agogo atanena kuti yapsa. Ntchembere isasunthidwe isanalavule ana. Ndipo sopo asadzayandikirenso galasilo.

Masabata otsatirawo anali owawa. Alendo ankabwera n'kufunsa kuti nsomba zili kuti, ena n'kumanong'onezana kuti mwina ndalama zatha. Amalume anagona masiku angapo, ndipo madzulo ankakhala pabalaza ndi nkhwaira zawo akufotokoza za miyala ya ku Likoma ndi Mbenji, mphwawo akulemba m'kope.

Tsiku losamutsa litafika, nsomba zitatu zinalowa m'thanki, ndipo tiana tinatsala m'beseni kuti tikuleko. Pasanapite nthawi ndere zinayamba kumera pamiyala ndi pagalasi. Loweruka lina m'mawa mtsikanayo anapeza bambo ake atapinda malaya, burashi ili m'manja, mkono uli kale m'madzi.

"Ababa, galasi lakutsogolo lokha. Miyala isiyeni, imeneyo ndi ndiwo yawo."

Bamboyo anayang'ana miyala yobiriwirayo, nameza malovu, napukuta galasi lakutsogolo lokha. Atatha anafunsa mwana wake ngati madzi a m'ndowa agona mokwanira kuti athiridwe.